Ndinkati shuga ndi matenda a ku Nyambadwe

Mandasi ndinayamba kukazinga mu 2014, bambo a kunyumba ntchito itawathera pa fakitale ina ku Makata. Tinali ndi ana atatu, tikukhala nyumba ya lendi ya chipinda ndi balaza ku Ndirande, mumdadada wa makomo asanu ndi limodzi. Mpamba ndinakongola ku banki m'khonde, n'kugula thumba la fulawa, chigubu cha mafuta, beseni ndi chiwaya. Bizinesi imeneyi ndi imene yaphunzitsa ana anga ndipo sindiinyoza. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi mmene ndinkaichitira, chifukwa amayi ambiri akuchitabe chimodzimodzi m'mawa uliwonse.

Ndinkadzuka 3 koloko usiku. Mbaula ndinkayatsira pabalaza pomwe ana awiri ankagona, chitseko chili chokhoma, poti nthawi imeneyo akuba amakhala akadali m'njira. Zenera linali limodzi, ndipo mu Juni ndi Julayi Chiperoni akawomba ndinkalitseka ndi katoni. Makala athu ambiri amachokera ku Neno ndi ku Mwanza, ndipo dzinja amafika onyowa. Akavuta kuyaka ndinkatenga jumbo, kuiyatsa, n'kumadonthezera pamakalapo, kenako kuwerama n'kumauzira ndi pakamwa, misozi ili chuchuchu. Pofika 6 koloko ndili pasiteji ya minibasi ndi beseni langa. Amene anagulitsapo pasiteji akudziwa: minibasi imaima injini ikulira mpaka idzaze, ikachoka ina yalowa kale, ndipo paipi yotulutsa utsi imakhala ndendende ndi nkhope ya munthu amene wakhala pakampando. Nyengo ya mondokwa ndinkaotchanso chimanga pomwepo. Madzulo kufika kunyumba ndi kukoleza moto wa nsima, uku anzanga a khomo lina akutentha zinyalala kudzala. Ndikamina, mamina ankatuluka akuda. Mutu unkandiwawa pafupifupi tsiku lililonse, ine n'kumati ndi kuchepa kwa tulo.

Zaka 8 moyo wanga unali umenewo.

Za matenda a shuga ndinkangomva kwa achemwali anga, amene amagwira ntchito yapakhomo ku Nyambadwe. Abwana awo aamuna ali ndi shuga. Achemwali ankafotokoza za tiyi wopanda shuga, kamakina kobaya chala, mankhwala a m'firiji. M'mutu mwanga zinakhazikika kuti amenewa ndi matenda a munthu wonenepa, woyenda pa galimoto, wodya nyama masana ndi madzulo. Ine woyenda pansi, wodya bonya, shuga akandipeze bwanji? Nyambadwe ndi Ndirande ndi oyandikana, munthu umayenda wapansi, koma ndinkaona ngati matendawo sangawoloke kubwera kwathu.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Magetsi ankazima maola ambirimbiri, ndipo ngakhale aja ophikira magetsi anatsikira pa makala. Thumba linakwera mtengo. Makala abwino ankathera kwa ogula thumba lathunthu, ife ogula a m'timapepala n'kutsala ndi osapsa bwino, aja ofuka ngati chikuni. Chaka chimenecho mdadada wathu wonse unkachita chifunga m'mawa ndi madzulo.

Ludzu linayamba mu Okutobala. Ndani amadabwa ndi ludzu mu Okutobala? Koma langali silinkatha. Ndinkamwa madzi mpaka m'mimba kulira, kukhosi kuli gwa. Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba: ndinkathetsa ludzulo ndi mafilizesi, thobwa lothira shuga ndi zakumwa za m'mabotolo, ndikuganiza kuti zindibwezera mphamvu. Usiku ndinkadzuka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kukataya madzi. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono anandiuza kuti nyerere zaunjikana pachidebe chimene tinkagwiritsa ntchito usiku. Ndinangochitsuka. Ndikanadziwa kuti nyererezo zikutsata shuga wa mumkodzo, bwenzi nditapita kuchipatala tsiku lomwelo.

Pofika Khirisimasi zovala zinali zikukhwepa. Anthu pasiteji anayamba kunong'onezana, ndipo ndinkadziwa chimene ankanena. Ndinakayezetsa HIV kawiri, kawiri konse ndilibe. Ndinayezetsa malungo, palibe. Ndinkabwerera kunyumba nditasangalala theka, ndili ndi mantha theka, chifukwa thupi linkapitirira kutha. Pamaulendo onsewo sindinatchule za ludzu kapena kukodza usiku. Ndinkangoti, “Thupi likuphwanya, adokotala.” Iwo ali ndi mzere wautali panja, analemba zimene ndinawauza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ndi zoona. Mukalowa m'chipinda cha adokotala nenani zonse, ngakhale zochititsa manyazi, ndipo pemphani ndi pakamwa panu kuti akuyezeni shuga. Ndi dontho limodzi la magazi a pachala, ndipo yankho limabwera musanadzuke pampando.

Panabweranso kuyabwa kwa kumalo obisika, kumene azimayi timati mauka. Ndinagula mankhwala kufamase katatu, kumaleka sabata imodzi n'kuyambiranso. Maso anayamba kuona mwachimbuuzi moti ndinkalakwitsa chenji. Apongozi atabwera kudzationa anandiyang'ana n'kunena kuti, “Mwana wanga, izi si za chipatala. Pamalo a malonda pamakhala nsanje.” Ndinawamvera. Kwa sing'anga ndinasiya K15,000 ndi nkhuku, n'kubwerako ndi botolo la mizu ndi mphini m'chiuno. Kwa mneneri wina ndinagula madzi odalitsidwa. Ndikaphatikiza zonse ndi za kufamase zija, ndalama zoposa K60,000 zinapita. Choipa kuposa ndalamazo, ndinasiya kulankhula ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi nane, munthu wosalakwa, ndikumuganizira kuti ndiye wandilodza. Ndinakamupepesa patapita chaka, ndipo mpaka lero ndikamuona mtima umandipweteka.

Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Ife sitinaone zimene anaona anzathu a ku Chilobwe, koma madzi analowa m'nyumba, ndipo masiku angapo tinkayenda m'matope kuchotsa katundu. Ndinaponda chilata chimene chinandicheka pansi pa chala chaching'ono cha phazi lamanzere. Chodabwitsa, sindinamve kuwawa kwenikweni. Mapazi anali atayamba kale dzanzi, ine n'kumati ndi chifukwa chokhalitsa pakampando. Ndinamanga kansanza n'kupitiriza malonda, poti ngongole ya banki m'khonde sidikira kuti chilonda chipole.

Sichinapole. Sabata zisanu ndi imodzi chikutuluka mafinya, chala n'kuyamba kuda, fungo n'kumamveka. Kumayambiriro kwa Meyi ndinagwa pasiteji, beseni la mandasi n'kugubuduzika. Oyitanira minibasi ndi amene anandinyamula. Ndinatsitsimuka ndili pa diripi, namwino akuuza bambo a kunyumba kuti shuga wadutsa 400. Ndinafunsa kuti wa munthu wabwinobwino amakhala angati. Anandiuza kuti munthu akayezedwa m'mawa asanadye kanthu, makina akasonyeza 126 kapena kupitirira, kapena 7 pa makina ena owerengera mwa mtundu wina, n'kubwerezanso tsiku lina chimodzimodzi, ndiye kuti ali ndi matenda a shuga.

Ndinalira. Si ululu umene unandiliritsa, koma kuzindikira kuti miyezi 7 yonse ija yankho linali pansonga ya chala changa.

Ndinagona m'chipatala masiku 11. Chala chija anadula. Achemwali ndi amene anali gadiyani wanga, atapempha tchuthi kwa abwana awo. Bizinesi inaima miyezi itatu, mpamba unadyedwa, ndipo bambo a kunyumba anakatenga K50,000 ya katapila imene tinabweza K75,000. Nditatuluka ndinkadzibaya insulini, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, kwa miyezi iwiri. Firiji tilibe, ndiye anamwino anandiphunzitsa kusunga kabotoloko mumtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamalo a mthunzi. Kenako anandisinthira ku mapiritsi a metformin. Amenewa amwereni pamodzi ndi chakudya. Masiku oyamba ndinkamwa m'mimba mulibe kanthu ndipo ankanditsegula m'mimba, moti ndinatsala pang'ono kuwasiya osauza munthu.

Nkhani ya utsi ndinaimva pa ulendo wanga wachitatu ku kiliniki ya shuga. Ndinapeza dokotala wachinyamata amene anandimva ndikutsokomola, n'kuika cholembera pansi.

“Mayi, mumaphikira pati?”

“Pambaula, adokotala.”

“M'nyumba kapena panja?”

Ndinawafotokozera zonse, za 3 koloko, za katoni ya pazenera, za jumbo, za pasiteji. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa ngati kwathu kunali wina wodwala shuga. Ndinati ayi. Koma ndikuyankha choncho ndinakumbukira amayi anga ku Thyolo, amene anamwalira maso atachita khungu, miyendo ili ndi zilonda, akusunga chikho cha madzi kumutu kwa mphasa. Palibe anawayezapo. Moyo wawo wonse anaphikira pamafuwa m'kakhitchini kaudzu kopanda zenera, denga lake lili bii ndi mwaye.

Adokotalawo anati, “Sindikunena kuti utsi wokha ndi umene wakudwalitsani. Mtundu ulipo, zaka zilipo, zakudya zilipo. Koma utsi ndi katundu wina amene mwakhala mukusenza pamwamba pa zonsezo.”

Anandifotokozera motere. Mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amati PM2.5. Tsitsi limodzi la m'mutu ndi lalikulu kuposa kanthu kameneka maulendo pafupifupi 30. Fumbi lalikulu mphuno imatchinga, ndi lija limatuluka ndi mamina, koma timeneti timatsika mpaka pansi pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi. Thupi limalimbana nato ngati mmene limachitira ndi chilonda, koma mwakachetechete, tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka. Kulimbana kosathaku kumapangitsa thupi kusamva bwino insulini, imene kapamba amatulutsa kuti shuga wa m'chakudya alowe m'minofu. Shugayo akalephera kulowa amangozungulira m'magazi, n'kumawononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya kumapazi.

Mwana wanga wamkazi woyamba, amene panthawiyo anali ku koleji, anafufuza pa foni madzulo omwewo n'kumandiwerengera akumasulira. Ku America akatswiri a pa Washington University mumzinda wa St. Louis anatsatira asilikali opuma ntchito okwana 1.7 miliyoni kwa zaka zoposa 8, ndipo mu 2018 anatulutsa zimene anapeza: mu chaka cha 2016 chokha, anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse anayamba kudwala shuga mpweya woipa utathandizira, ndiye kuti anthu 14 pa 100 aliwonse amene anayamba matendawa chaka chimenecho. Ananenanso kuti mtolowu ukulemera kwambiri m'mayiko osauka. Kafukufuku wina wa pambuyo pake, amene anawerengera za 2019 n'kuphatikizamo utsi wa m'makhitchini, anapeza kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a mavuto a shuga wa akuluakulu padziko lonse likukhudzana ndi tinthu timeneti. Atafika pamenepo mwanayo anasiya kuwerenga n'kunena kuti, “Amama, ndiye ifenso tinkagona momwemo.” Sindinamuyankhe. Usiku umenewo sindinagone.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyang'ana anthu a pamzere wa kiliniki ndi maso ena. Onenepa alipo, inde, koma ambiri ndi anthu ngati ine. Pali bambo wa kabaza amene amakhala kumbuyo kwa malole tsiku lonse. Pali mayi wophika m'lesitilanti ya mumsika, wina wophika kachasu, wina anakalamba akuotcha njerwa. Ku Malawi kuno mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo amene amawerama pamoto ndi mayi, kawirikawiri mwana ali kumsana. Mumzinda umodzi womwewu tonse sitipuma mpweya umodzi. Abwana a achemwali anga amaphikiridwa pa gasi kapena pa magetsi, nyumba yawo ili kutali ndi msewu, pabwalo pali mitengo, zinyalala zimatengedwa, pamsewu amadutsa magalasi a galimoto ali otseka. Sindikuwachitira kaduka, ndi anthu abwino, ndipo anatithandiza ndili m'chipatala. Koma shuga wawo anapezeka msanga, atangopita kukayezetsa thupi asakumva kudwala kulikonse, ndipo zala zawo zonse zilipo. Wanga anapezeka chala chitawola. Wosauka amapuma utsi wambiri, amachedwa kudziwa, ndipo akadziwa mankhwala amamuvuta kupeza. Zitatuzi zimagwera munthu mmodzi, ndipo zimandikwiyitsa kuti pa zaka zonsezo sindinamvepo wina akuzinena pamsonkhano wa banki m'khonde kapena kutchalitchi.

Za mankhwalazo ndinazionera mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Mwezi umenewo ndinafika kuchipatala n'kuuzidwa kuti metformin watha, ndikagule. Kufamase mtengo unali utasintha kale. Ndinayamba kudula mapiritsi pakati kuti akwane mwezi, ndipo pa ulendo wotsatira shuga anali atakweranso kudutsa 250. Musachite zimenezi. Panopa ndimapita masiku atatu kapena anayi mankhwala asanathe, ndipo ndimaika padera ndalama ya mwezi umodzi wa mapiritsi imene sindiikhudza ngakhale ndiwo zitasowa.

Kusintha za utsi kunali kovuta kuposa kusiya shuga mu tiyi. Ndinafunsa mtengo wa silinda ya gasi ndi chophikira chake, ndinapeza kuti ukuposa mpamba wanga wonse. Magetsi alipo, koma mita ndi imodzi mdadada wonse ndipo alandilodi amaletsa hotipuleti. Ndinachita zimene ndikanatha. Bambo a kunyumba anamanga kachisakasa pakhonde ndi malata awiri akale, mbali ziwiri zili zotsegula, ndipo mbaula sinalowenso m'nyumba. Chifukwa cha akuba ndinasiya kudzuka 3 koloko. Ndimakanda fulawa usiku, kuyamba kukazinga 5 koloko, bambowo ali pambali. Jumbo ndinasiyiratu, ndimayatsira timitengo touma ndi mapepala. Makala ndimayanika dzuwa likawala. Ndikayatsa ndimachokapo kaye mpaka utsi woyamba uja uthe, ndipo ndimakhala kumene mphepo ikuchokera, osati kumene ikupita. Mutu uja unasiya kuwawa pasanathe sabata ziwiri. Adokotala anandiuza pambuyo pake kuti makala a m'nyumba yotseka amatulutsanso mpweya wina wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo kuwawa kwa mutu ndi chizindikiro chake choyamba. Ana anga anagona pafupi ndi imfa imeneyo zaka 8.

Pasiteji ndinachokapo. Ndinasamukira m'kanjira ka kumbuyo, pafupi ndi sukulu ya pulayimale, kumene magalimoto sadutsa kawirikawiri. Ndisakunamizeni, malonda anatsika pafupifupi ndi theka miyezi yoyamba, ndipo ndinkalakalaka kubwerera. Ndinapulumukira magolosale awiri amene anavomera kuti ndiziwasiyira mandasi m'mawa n'kukatenga ndalama madzulo. Mpaka pano sindinafike pamene ndinali kale.

Kumudzi ndinatumizira azilamu anga ndalama ya chitetezo mbaula, ija yadothi yosatha nkhuni, koma ndinawauza kuti asaikhulupirire yokha, aziphikirabe panja kapena aboole mazenera m'khitchini. Mwana wanga anandiwerengeranso za kafukufuku amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, wokhudza ana oposa 10,000, kumene mabanja anapatsidwa mbaula zamakono zochepetsa utsi koma chibayo cha ana sichinachepe. Ofufuzawo anati chimodzi mwa zimene zingakhale zifukwa ndi chakuti utsi umachokeranso kwina, monga kotentha zinyalala. Ndinazimvetsa bwino, chifukwa ngakhale nditatulutsa mbaula yanga, utsi wa kudzala unkalowabe pazenera, wa matewera a ana ndi mabotolo apulasitiki. Ndinayenda khomo ndi khomo mumdadada wathu, ena n'kumandiseka kuti matenda andisokoneza mutu. Anagwirizana nane ndi amayi awiri okha poyamba, mmodzi ali ndi mwana wa mphumu. Tinakumba dzenje la zinyalala zowola, ndipo zina timasonkha kandalama kuti mnyamata wa wilibala azikataya. Makomo awiri amatenthabe tikachokapo.

Pa zakudya sindichulutsa, poti amaphunzitsa bwino kukiliniki. Ndimadya nsima ya mgaiwa, mtanda umodzi kapena umodzi ndi theka, masamba ambiri, nyemba, usipa. Mandasi anga sindilawa. Madzulo aliwonse ndimasambitsa mapazi, kupukuta pakati pa zala n'kuyang'ana pansi pake ndi kagalasi, ndipo sindiyendanso wopanda nsapato ngakhale kupita kubafa. Shuga wa m'mawa tsopano amakhala pakati pa 110 ndi 140. Dzanzi silinathe, ndipo diso lamanja limaonabe mwachimbuuzi.

Ana anga onse atatu anayezetsa, ali bwino, ndipo adokotala anati akamakula azibwereza chifukwa cha mtundu. Achemwali anayezetsanso. Amene anandivuta ndi mayi uja wa zitumbuwa, amene akadali pasiteji paja, pakampando pomwepaja, ndipo nyengo ino akuotchanso chimanga. Mwezi watha ndinamuona akumwa madzi botolo lachitatu tisanamalize kucheza, ndipo nditamufunsa za usiku anaseka n'kuyang'ana kumbali. Anakana kawiri kukayezetsa, akuti akasiyira ndani malonda. Ulendo wachitatu mwana wanga wamng'ono anamukhalira pabeseni, ine n'kumuperekeza. Makina anasonyeza 182 asanadye kanthu. Amuuza kuti abwerenso Lachinayi kudzayezedwa kachiwiri. Ndamuuza kuti ndidzamugogodera 6 koloko, ndipo asadzamwe tiyi.